Nthano Imene Womvera Amasenza Mlandu Wake

 Mwandipempha kuti ndikambe za magemu a pakompyuta, ndipo ndikudziwa kuti m'holo muno, pakati pa aphunzitsi, mafumu, makolo ndi ana a sukulu, nkhaniyi ikumveka mosiyana. Makolo ambiri akamva za gemu amaganiza za mwana amene watumidwa kuchigayo m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, chenji atathera pa PlayStation. Ana nawo akuganiza za mpira wa FIFA, kapena Free Fire ndi PUBG Mobile za pafoni. Nonse mukuganiza zinthu zimene zilipodi, pa Boma pano ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1. Koma lero ndikufuna ndikutengereni ku mtundu wina wa magemu umene kwathu kuno sunafike kwenikweni, ndikufotokozereni mmene umayendera, ndiponso chifukwa chake ndikuona kuti ukutikhudza ife a ku Ntcheu.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa. Kandege kamene kakuuluka m'mafoni a achinyamata masiku ano ndi juga. Kanakonzedwa kuti pamapeto pake ndalama ipite kwa mwini wake, ndipo palibe luso lililonse limene lingasinthe zimenezo. Amene akuyika ndalama ya fizi kapena ya feteleza pamenepo asabisale kumbuyo kwa zimene ndinene lero.

Magemu amene ndikunena ndi a nkhani. Wosewera amapatsidwa munthu woti akhale iyeyo, m'dziko la m'tsogolo lopekedwa potengera sayansi, mmene muli zombo zoyenda pakati pa nyenyezi, maloboti oganiza, ndi mitundu ya zamoyo za kumapulaneti ena. Kawirikawiri umayamba ndi kusankha ngati munthu wakoyo akhale mwamuna kapena mkazi, nkhope yake, kumene anakulira, ndi luso lake, kaya msilikali wa mfuti kaya katswiri wa makina. Kenako ulendo umayamba. Mumakhala nkhondo zofuna maso akuthwa ndi zala zachangu, ndipo ukapambana munthu wako amawonjezera mphamvu n'kupeza zida zabwinoko. Koma pakati pa nkhondozo pamakhala kucheza. Munthu wina wa m'nkhanimo amakufunsa funso, pa sikirini pamabwera mayankho angapo, iwe n'kusankhapo limodzi. Gemu imasunga zimene wasankhazo. Amene wamunyoza lero udzamufuna mawa, ndipo iye adzakhala akukumbukira.

Chitsanzo chimene ndikhalepo nthawi yaitali ndi Mass Effect, yopangidwa ndi kampani ya BioWare ya mumzinda wa Edmonton ku Canada. Gawo loyamba linatuluka mu 2007, lachiwiri mu 2010, lachitatu mu 2012, ndipo mu 2021 anaphatikiza magawo onse atatu n'kuwakonzanso pa dzina lakuti Legendary Edition. Nkhani yake imayamba m'chaka cha 2183. Anthu a padziko lino anali atapeza pa Mars mabwinja a mtundu wina wakale wotchedwa Prothean, ndipo nzeru zimene anatola mmenemo zinawatsegulira njira yofikira kutali mu mlalang'amba. Kumeneko anakapeza kuti sali okha, ndiponso kuti akuluakulu si iwo. Kuli mitundu imene inayamba kalekale kulamulira, a asari, a turian ndi a salarian, ali ndi bwalo lawo pamalo otchedwa Citadel, ndipo munthu ndi mlendo wofika mochedwa amene akupempha mpando. Wosewera amakhala Commander Shepard, mtsogoleri wa chombo chotchedwa Normandy, amene watulukira kuti kuli makina akuluakulu otchedwa Reaper amene amabwera pakatha zaka 50,000 zilizonse kudzafafaniza mitundu yonse yotukuka. Akuluakulu a pabwalo sakumukhulupirira.

Mukamva choncho munganene kuti ndi filimu ya nkhondo monga zimene timaonera m'mavidiyo sho. Kusiyana kwake kumaonekera chakumapeto kwa gawo loyamba, pa pulaneti lotchedwa Virmire. Anzako awiri, Ashley Williams ndi Kaidan Alenko, amene wayenda nawo kuyambira pachiyambi, apanikizika m'malo awiri osiyana, bomba latsala pang'ono kuphulika, ndipo nthawi ikukwanira kupulumutsa mmodzi yekha. Palibe njira yachinsinsi yopulumutsira onse awiri. Gemu imaima n'kumadikira iwe. Amene wamusiya amafa, ndipo sadzaonekanso m'gawo lachiwiri kapena lachitatu, chifukwa a BioWare anakonza zoti zosankha zako zizisamuka nawe kuchoka m'gawo lina kupita m'linzake. Anthu awiri akhoza kusewera gemu yomweyo n'kupezeka kuti wina akulira Ashley pamene mnzake akulira Kaidan.

Ife tinakulira pa nthano. Agogo akati padangokhala, tinkayankha kuti tili tonse, ndipo popanda kuyankhako nthano sinkayenda. Nyimbo ikafika tinkavomera. Choncho womvera wokhala ndi gawo m'nkhani si wachilendo kwa ife. Komabe Kalulu akafuna kunyenga Fisi, agogo sankatifunsa ngati anyenge kapena aleke. M'buku, m'sewero la pawailesi ndi mu filimu, wolemba ndiye amasenza mlandu wa zonse zimene zachitika, iwe umangomva chisoni kapena kusangalala. Chatsopano chimene magemu awa abweretsa n'chakuti mlandu uja amautula pamutu pa womvera. Ukamva chisoni ndi imfa ya Kaidan, chisonicho chimasakanikirana ndi kudziwa kuti chala chimene chinasankha ndi chako. N'chifukwa chake ine ndimawatenga magemu amenewa ngati luso lofotokozera nkhani loyenera kuphunziridwa, monga mmene timaphunzirira ndakatulo ndi zisudzo m'kalasi ya Chichewa.

Mundilole ndikhale pang'ono pa nkhani imodzi ya m'gemuyi, chifukwa ndi imene inanditsimikizira zimenezi. Muli mtundu wotchedwa krogan, wa ku pulaneti la Tuchanka, anthu amphamvu, olimba pankhondo, oberekana kwambiri. Kalekale mitundu yolamulira ija itapanikizika ndi adani otchedwa rachni, a salarian anapita kukatenga a krogan, kuwapatsa zida ndi zombo kuti awamenyere nkhondo. A krogan anapambana. Atapambana anayamba kuchulukana n'kumalanda mapulaneti a ena, ndipo amene anawatuma aja anagwidwa ndi mantha. A salarian anapanga matenda otchedwa genophage, a turian n'kuwafalitsa. Matendawa amachititsa kuti pa mimba 1,000 za amayi a krogan, imodzi yokha ndiyo ibereke mwana wamoyo. Papita zaka zoposa 1,000, mtunduwo wataya mtima, anyamata ake angosanduka asilikali aganyu omenyera aliyense amene walipira.

M'gulu lako muli Urdnot Wrex, mmodzi wa a krogan, amene akufunitsitsa kudzutsa mtundu wake. M'gawo lachiwiri mumalowa Mordin Solus, dokotala wa a salarian amene anagwira nawo ntchito yolimbitsanso matenda aja atayamba kufooka. Ndi munthu wansangala, woyankhula mofulumira, wokonda kuimba, ndipo amaumirira kuti masamu ake anali olondola, kuti popanda genophage kukanabuka nkhondo yopha anthu ochuluka kuposa pamenepo. Ukamayenda naye umayamba kuona kuti masamuwo samugonetsa tulo. M'gawo lachitatu mankhwala apezeka. Pamenepo mtsogoleri wa a salarian amakuyitanira pambali n'kukuuza kuti uwononge mankhwalawo mwachinsinsi, a krogan azingoganiza kuti achira, ndipo iye akupatsa zombo zake zankhondo kuti ukapulumutse dziko lako. Dziko lako panthawiyo likuyaka moto.

Inu a Fomu 4, mukanatani? Musafulumire kuyankha, chifukwa pali chinanso. Ngati Wrex anafera ku Virmire m'gawo loyamba, chifukwa choti unalephera kumutonthoza pamene anakwiya, amene akulamulira a krogan tsopano ndi m'bale wake Wreav, munthu wa mtima wobwezera, ndipo kuchiritsa mtunduwo kukhoza kuyambitsa nkhondo ina. Chimene unachita maola ambiri apitawo chasintha kulemera kwa funso la lero. Maganizo anga ndi akuti kunamiza a krogan n'kulakwa ngakhale pampando pakhale Wreav, chifukwa mwana amene sanabadwe sangalangidwe pa mlandu wa nkhondo imene sinachitike. Ena mwa inu munditsutsa, ndipo mtsutso umenewo ndiwo phindu la gemuyi. Mafunsowa si a kumwamba kokha. Kodi mtundu wamphamvu uli ndi ufulu woganizira mtundu wina kuchuluka kwa ana ake? Nanga amene watumidwa kukamenya nkhondo ya eni ake amalandira chiyani nkhondo ikatha? Agogo athu amene anapita ndi King's African Rifles mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse akanayankha funso lachiwirili bwino kuposa ine.

Nkhani ina ndi ya a quarian. Iwowa anapanga maloboti otchedwa geth kuti aziwagwirira ntchito. Tsiku lina loboti lina linafunsa mbuye wake ngati nalonso lili ndi mzimu. A quarian anaopa, analamula kuti maloboti onse azimitsidwe, a geth anadziteteza, ndipo nkhondo itatha a quarian ndiwo anathamangitsidwa kwawo ku Rannoch. Kwa zaka pafupifupi 300 akhala akuyendayenda m'zombo, anthu 17 miliyoni opanda nthaka yoti n'kupondapo, kulikonse kumene afika akuyesedwa akuba ndi opemphapempha. Tali, mtsikana wa m'gulu lako, anabadwira m'chombo ndipo kwawo sanakuonepo.

Makolo a kuno simufunika wokuuzani za moyo woterewu. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique itafika povuta, Malawi inalandira anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo Ntcheu linali limodzi mwa maboma amene analandira ambiri. Anangowoloka malire kuchokera ku Angonia, ambiri a iwo oyankhula chiyankhulo chathu chomwechi, ena abale athu enieni, ndipo anakhala nafe mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Mwana wa ku Biriwiri kapena ku Tsangano amene agogo ake anamufotokozera za masiku amenewo adzamumvetsa Tali mozama kuposa mwana wa ku Edmonton. Za chinthu choumbidwa ndi manja chimene chasanduka mwana, nazonso tinali nazo kale mu nthano ya Kamdothi, amene mayi ake ankada nkhawa mitambo ikayamba kuda. Lero makompyuta ayamba kuyankha mafunso ndi kulemba makalata ngati anthu, ndipo inu ana a sukulu mudzakumana nalo funso la loboti lija m'moyo wanu weniweni. M'gawo lachitatu la gemuyi n'zotheka kuyanjanitsa a quarian ndi a geth, koma pokhapokha ngati unachita bwino zinthu zingapo m'mbuyomo. Ngati sunatero, umasankha mbali imodzi n'kuonerera inayo ikutha psiti.

Sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti zonse ndi zokoma. Mass Effect 3 itatuluka mu 2012, osewera ambiri anakwiya ndi mathero ake. Atasankha zinthu mazanamazana kwa zaka zisanu, anapeza kuti pamapeto pali makomo atatu okha, ndipo makanema otsekera ankafanana kwambiri moti kusiyana kooneka msanga kunali mtundu wa kuwala, kofiira, kobiriwira kapena kwa buluu. Madandaulo anakula mpaka mu June chaka chomwecho a BioWare anatulutsa mwaulere chowonjezera chotchedwa Extended Cut chofotokoza matherowo mokwanirako. Mkwiyo umenewo ukusonyeza kuti anthu anali atayitenga nkhaniyo ngati yawoyawo. Ukusonyezanso malire a ufulu wa wosewera. Njira iliyonse imene ungasankhe inalembedwa kale ndi munthu wina, monga Drew Karpyshyn amene anatsogolera olemba gawo loyamba ndi Mac Walters amene anatsogolera lachitatu. Umasankha pakati pa zimene iwo anaziganizira. Zimene sanaziganizire mulibe.

Apa ndi pamene pali nkhawa yanga yeniyeni. Shepard ndi msilikali wa gulu lotchedwa Spectre, anthu amene bwalo la Citadel linawalola kugwira ntchito pamwamba pa lamulo. Mavuto ambiri a m'nkhanimo amathera pa mfuti. Munthu mmodzi ndiye amagamula tsogolo la mitundu yathunthu, pamene kwathu kuno nkhani yaikulu imapita pabwalo, nduna n'kuyankhula, eni mbumba n'kumvedwa, mfumu n'kumaliza. Mwana amene wathera maola 30 kapena kuposerapo pa gawo limodzi lokha akuphunzira mwakachetechete mmene olembawo amaonera utsogoleri ndi chilungamo. Asewere, koma asewere maso ali tcheru, akudziwa kuti akumvera nthano ya kwa eni ake.

Magemu ena a mtunduwu ndingowatchula mwachidule. Cyberpunk 2077, ya kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland, inatuluka mu December 2020. Imakuyika mumzinda wa Night City, mmene makampani akuluakulu ali ndi mphamvu kuposa boma ndipo anthu amagula ziwalo za makina n'kuziyika m'matupi awo. Inalengezedwa kwa zaka zambiri, muli ngakhale katswiri wa mafilimu Keanu Reeves, koma chinali chikomekome cha mkuyu: itatuluka inali ndi zolakwika zambiri moti a Sony anayichotsa m'sitolo yawo ya PlayStation kwa theka la chaka, mpaka itakonzedwa. Horizon Zero Dawn, ya kampani ya Guerrilla Games ya ku Amsterdam, inatuluka mu 2017. Imeneyi ndi ya mtsikana wotchedwa Aloy, wosalidwa ndi mtundu wake chibadwire, amene akukhala m'dziko limene chitukuko chathuchi chinatha kalekale ndipo m'tchire mukuyenda makina ooneka ngati nyama.

Mungafunse kuti bwanji magemu oterewa sitiwaona kuno. Yankho lake ndi magetsi, intaneti ndi ndalama. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma lathu lili ndi anthu oposa 650,000, ndipo m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi. Ngakhale amene ali nawo amadziwa za kuthimathima, makamaka chaka cha 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mass Effect Legendary Edition imafuna malo okwana 120 GB pa kompyuta, ndipo aliyense amene amagula bandulo akhoza kuwerengera yekha kuti kuyikopera pa intaneti kungadye ndalama zingati. PlayStation 5 inayamba kugulitsidwa pa madola 499 mu 2020, gemu yatsopano inkakhala madola 60 kapena 70, ndipo kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Palinso chifukwa china. Mwini kanyumba ka PlayStation amapeza phindu pa mpira wa mphindi zochepa, awiri asewere achoke, ena alowe. Gemu ya nkhani imafuna munthu mmodzi akhale nthawi yaitali n'kudzapitiriza mawa pamene analekezera, ndiye pa bizinesi yoteroyo siyenda. Amene amazisewera kuno ndi ochepa amene ali ndi laputopu yamphamvuko kapena m'bale ku Joni amene anawatumizira makina akale. Koma mafoni akunka nakula mphamvu, masola akuchuluka m'midzi, ndipo zimene lero zili kwa ochepa zidzafika kwa ambiri. Ndi bwino zidzatipeze tikuzidziwa.

Kwa inu makolo ndili ndi mawu awa. Magemu ali ndi zizindikiro za msinkhu pa chikuto chake, monga mafilimu. Mass Effect ndi Cyberpunk 2077 zonse zili ndi chilembo M ku America, kutanthauza zaka 17 kupita m'tsogolo, chifukwa muli kuphana, mawu otukwana ndi zachikondi za akuluakulu. Cyberpunk 2077 makamaka si ya mwana wa pulayimale kapena wa Fomu 1, ndipo pamenepa musanyengerere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti pali vuto la kukomedwa ndi magemu, ndipo linaliyika pa mndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuyika gemu patsogolo pa sukulu, ntchito ndi abale, ndi kupitirizabe ngakhale zoipa zake zikuoneka, kwa nthawi yofika chaka. Mwana amene wasewera Loweruka masana atamaliza ntchito zake sali m'gulu limenelo. Chimene chingakuthandizeni kwambiri ndi kukhala naye pansi n'kumufunsa kuti m'nkhanimo wasankha chiyani ndipo chifukwa chiyani. Mudzamva mmene mwana wanu amaganizira pa zinthu zimene simukanapeza poyambira kumufunsa. Dziwaninso kuti magemuwa ali ndi Chingerezi chambiri choti awerenge ndi kumva, ndipo amachitsatira mwachidwi chifukwa akapanda kumvetsa asankha molakwika. Tonse tikudziwa kuti popanda Chingerezi satifiketi ya MSCE siituluka.

Ndinenenso za atsikana. Mukasuzumira m'tinyumba ta PlayStation mupezamo anyamata okhaokha, alongo awo ali kumjigo kapena akutsuka mbale. Shepard akhoza kukhala mkazi, ndipo mawu ake amene anayankhula Jennifer Hale amatamandidwa ndi osewera ambiri. Aloy ndi mtsikana. Ngati kuzolowera makina kuli ndi phindu, ndipo kulidi nalo, tisalole kuti likhale la ana aamuna okha. Pasukulu pano pakakhala mpata wa kompyuta, mugawane mofanana.

Tsopano ndifike pa chimene chandibweretsa. Ndanena kuti wosewera amasankha pakati pa zimene wolemba anaziganizira. Ndiye funso lalikulu ndi lakuti wolembayo ndani. Ku Cameroon, mumzinda wa Yaoundé, Olivier Madiba ndi anzake a Kiro'o Games anatulutsa mu 2016 gemu yotchedwa Aurion: Legacy of the Kori-Odan, ya mfumu ndi mkazi wake amene alandidwa ufumu, yozikidwa pa miyambo ndi zovala za mu Africa. Anayipanga magetsi akuwathimira ngati mmene amatithimira ife. Mu 2024 Abubakar Salim, wa ku Britain koma wa makolo ochokera ku Kenya, anatulutsa Tales of Kenzera: Zau polira bambo ake, ndipo munthu akhoza kuyisewera ikuyankhula Chiswahili. Kwathu konkuno Shadreck Chikoti analemba buku la Azotus the Kingdom, lotuluka mu 2015, lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo iye ndi anzake anatulutsanso Imagine Africa 500, mmene muli nkhani za olemba a ku Malawi monga Muthi Nhlema. Amalawi oganizira za m'tsogolo alipo kale. Chatsala ndi kuyika maganizo oterewo m'nkhani yoti womvera azisankha njira.

Ndipo nkhani zake, ife a ku Ntcheu tili nazo zolemera kuposa za Virmire. Mu 1896 Inkosi Gomani woyamba anakana kugonjera Angerezi ndipo anaphedwa. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma la atsamunda, anachotsedwa pampando, anathawira mbali ya Mozambique, Apwitikizi anamubweza, ndipo anamwalira mu 1954. Sindikunena kuti tiyike Inkosi m'manja mwa wosewera, ayi, ulemu wake sulola zimenezo. Koma taganizirani gemu imene wosewera ndi mnyamata wa ku Lizulu amene walembedwa umesenjala ku Boma chaka cha 1953. Malipiro ake ndiwo akulipirira mlongo wake sukulu. Bambo ake ndi munthu wa kubwalo la Inkosi. Usiku wamva kuti apolisi anyamuka m'mawa. Akachenjeze kapena akhale chete? Akachenjeza, mlongo wake zimuthera bwanji? Akakhala chete, adzawayang'ana bwanji bambo ake? Wolemba wa ku Canada sangayilembe nkhani imeneyi, chifukwa sadziwa kuti pa Lizulu msewu ndiwo malire, kuti ukangowoloka kukagula kabichi wafika dziko lina.

Ngati mukufuna za m'tsogolo, nazonso zili pafupi. Tonse tikukumbukira pamene damu la Mpira linaphwa m'zaka zapitazi, mipopi n'kuuma kuno ndi ku Balaka. Tengani chaka cha 2150. Mvula yasintha, madzi atsala ochepa, ndipo amagawidwa ndi kompyuta imene inayikidwa ndi anthu akunja. Wosewera ndi mtsikana wa ku Bwanje amene waphunzira kuyikonza. Watulukira kuti makinawo amakondera minda ikuluikulu ya mbatatesi ya kumtunda n'kumamana midzi ya kuchigwa, koma akawazimitsa palibe amene akudziwa kugawa madziwo mwa njira ina. Mafumu akuti chiyani? Amalume ake amene amagwira ntchito m'minda ya kumtundayo akuti chiyani? Mu gemu yoteroyo mlandu ukhoza kuthera pabwalo, wosewera n'kupambana chifukwa chomvetsera ndi kuyanjanitsa anthu, mfuti osaonekamo n'komwe.

Wina anena kuti tilibe zipangizo. Kupanga chinthu chonga Mass Effect kumafunadi anthu mazana ndi ndalama zankhaninkhani, ndipo sindikulonjezani zimenezo. Koma mtima wa magemu amenewa ndi nkhani ya nthambi, ndipo imeneyo imayambira m'kope. Lembani ndime yoyamba, pansi pake muyike zosankha ziwiri, chilichonse chipite ku tsamba lake. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Twine, imene Chris Klimas anayambitsa mu 2009, yopangidwira ntchito yomweyi. Imayenda pa laputopu yakale, ukayikopera kamodzi sifunanso intaneti, ndipo sifuna kuti udziwe kulemba mapulogalamu. Umalemba ndime zako, umazilumikiza, ndipo chimatuluka ndi fayilo yaing'ono imene ungatumize kwa mnzako pa WhatsApp. Imalola Chichewa bwinobwino. Amene adzafune kuyikamo zithunzi zoyenda adzapeza Godot, nayonso yaulere, ndipo amene zidzawagwire mtima adzakapitiriza maphunziro a kompyuta ku MUST ku Thyolo kapena ku MUBAS ku Blantyre. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anayambira pa buku la mu laibulale ndi zitsulo zotayidwa.

Mudzaona kuti ntchitoyi ndi yovuta mosayembekezereka. Kuti chosankha chikhale cholemera, mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala ndi chifukwa chomveka. Ngati njira imodzi ndi yabwino poyera ndipo inayo ndi yoipa poyera, wosewera sanasankhe kanthu. Ndiye wolemba amakakamizika kulowa mumtima mwa munthu amene sagwirizana naye, mesenjala uja, mwini munda wa kumtunda uja, mpaka amvetse chimene chikumuwopsa. Amakakamizikanso kufunsa akuluakulu kuti zinthu zinkayenda bwanji, mawu a pabwalo ankanenedwa motani, chifukwa nkhani yongopeka popanda kufufuza anzake adzayigwira bodza msanga.

Pempho langa kwa inu aphunzitsi a Chichewa, a mbiri yakale ndi a kompyuta ndi lakuti mugwirizane teremu ikubwerayi. Gawani ana m'magulu a anyamata ndi atsikana osakaniza, gulu lililonse lilembe nkhani imodzi ya nthambi m'Chichewa, yochitikira m'boma lino, kaya kale kaya m'tsogolo, yokhala ndi mathero osachepera atatu. Mafumu ndi makolo, ana akabwera kudzakufunsani za masiku a othawa nkhondo kapena za mbiri ya Amaseko, apatseni mpando muwafotokozere. Inu ana a sukulu, mukapita ku Umhlangano ku Nkolimbo chaka chino, mutenge kope ndi cholembera. Teremu ikatha mudzandiyitanenso, ndidzabwera kudzasewera zimene mwalemba.